Kuchepetsa nthawi ya pa masamba a mchezo popanda kuphonya za maliro, ntchito ndi malonda

Anthu ambiri akatopa ndi foni amalumbira Lamlungu madzulo, n'kuchotsa Facebook, TikTok ndi zina zonse nthawi imodzi. Pofika Lachitatu amakhala atazibwezeretsa. Nthawi zambiri vuto silikhala kufooka mtima. Muno mu Lilongwe foni imene ikudya nthawi yanu ndi yomweyonso imabweretsa uthenga wa maliro a kumudzi, tsiku losonkha ku banki m'khonde, ndandanda ya kuzima kwa magetsi yochokera ku ESCOM, chidziwitso cha Lilongwe Water Board chakuti madzi asiya ku Area 25, ndi kasitomala amene akufunsa mtengo wa katundu. Wotseka zonse pamodzi amatsekanso zimene zimamudyetsa, ndipo amabwerera.

Njira yothandiza ndi kulekanitsa zimene mukuzifunadi ndi zimene zimangokukokani, kenako n'kuikonza foni kuti zoyambazo zizikupezani mosavuta, zinazo muzizivutikira. Ntchito yonse ndi ya masabata anayi, ndipo gawo lalikulu limachitika tsiku limodzi lokha.

Sabata yoyamba: yezani, musasinthe kanthu

Pa foni ya Android, kaya ndi Tecno, Infinix, Itel kapena Samsung, lowani mu Settings n'kupeza Digital Wellbeing. Pa iPhone dzina lake ndi Screen Time. Ngati foni yanu ndi yaing'ono ndipo gawoli mulibe, onani pa gawo la batire, pamene pamaonetsa mapulogalamu amene adya moto wambiri. Facebook ndi TikTok alinso ndi poonera nthawi mkati mwa Settings yawo.

Usiku uliwonse kwa masiku 7 lembani m'kope zinthu zitatu: maola onse amene sikirini inali yoyaka, mapulogalamu atatu amene atenga nthawi yambiri pamodzi ndi mphindi zake, ndi kuchuluka kwa maulendo amene mwatsegula foni. Lembani papepala ndithu, chifukwa zolembedwa m'foni zimakubwezerani m'foni momwemo. Loweruka ndi Lamlungu musawalumphe, pakuti kwa anthu olembedwa ntchito ndi masiku amene maola amakwera.

Pa tsiku lomaliza tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba a mwezi wathawu, muwonkhetse ndalama zonse zimene munagulira bandulo ndi mayunitsi. Timabandulo ta tsiku limodzi timaoneka totchipa, koma tikawonkhetsedwa timadabwitsa. Ndalamayo ilembeni pamwamba pa tsamba. Chitaninso samu iyi: maola 3 pa tsiku ndi maola 1,095 pa chaka, omwe ndi masiku oposa 45 usana ndi usiku.

Gawani patatu

Tengani mapulogalamu ndi magulu onse a WhatsApp muwaike m'mizere itatu. Mzere woyamba ndi zobweretsa ndalama kapena za kuntchito ndi kusukulu. Wachiwiri ndi za abale, mpingo kapena mzikiti, ndi dera limene mukukhala. Wachitatu ndi zimene mumatsegula popanda chimene mukufunafuna. Funso lothandiza ndi ili: ndikapanda kuona izi sabata yathunthu, ndani andiimbire kundifunsa? Ngati palibe, ndi za mzere wachitatu.

Mzere wachitatuwu ndi wovuta kuusiya chifukwa cha momwe unapangidwira. Kale tsamba la pa intaneti linkafika potha, munthu n'kuganiza kaye ngati apitirire. M'chaka cha 2006 katswiri wina, Aza Raskin, anakonza njira yoti tsamba lizingobweretsa zatsopano mukamakankha chala m'mwamba, ndipo lero masamba a mchezo onse amayenda choncho. Potha palibe. Chachiwiri, simudziwa chimene chikubwera: mavidiyo asanu osakoma, lachisanu ndi chimodzi loseketsa. Kusadziwako ndi kumene kumagwira chala, monga kumagwirira anthu otchova juga. Chachitatu, TikTok, Reels (mavidiyo aafupi a pa Facebook ndi Instagram) ndi Shorts (a pa YouTube) amawerenga masekondi amene mwaima pa vidiyo iliyonse n'kukubweretserani zofanana nayo. Ndalama zawo zimachokera kwa otsatsa malonda, choncho nthawi yanu ndiyo katundu amene akugulitsa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chinthu chopangidwa motere simungachigonjetse ndi kulimba mtima kokha muli wotopa 10 koloko usiku. Muyenera kuchiikira zotchinga masana, maganizo ali bwino.

Tsiku lokonza foni

Sankhani Loweruka kapena Lamlungu masana, foni ili ndi moto wokwanira. Mufunika maola awiri.

Yambani ndi zidziwitso zimene zimalira ndi kuthwanima. Mu Settings pitani pa Notifications, muyende pulogalamu ndi pulogalamu. Siyani zoyaka pa kuimba foni, ma SMS, Airtel Money kapena Mpamba, banki, alamu, ndi mauthenga a WhatsApp a munthu ndi munthu. Zina zonse zimitsani: Facebook, TikTok, Instagram, YouTube, X, mapulogalamu a nkhani, a mpira ndi a kubetcha. Musaiwale Chrome kapena Opera Mini, chifukwa masamba ambiri amatumiza zidziwitso kudzera mmenemo. Zimitsaninso timadontho tofiira ta manambala timene timakhala pa chizindikiro cha pulogalamu. Ambiri amazimitsa kulira kokha n'kusiya kadonthoko, ndipo diso likangokaona chala chimapita chokha.

Kenako konzani Do Not Disturb, njira yoletsa foni kulira, kuti iziyaka yokha, mwachitsanzo kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5:30 m'mawa. Apa samalani kwambiri. Ikani nyenyezi pa manambala a makolo, akunyumba kwanu, ana, ankhoswe, ndi m'bale amene amakonda kupereka uthenga wa kumudzi, ndipo lolani kuti iwowa akaimba foni izilira. Yatsaninso gawo lolola woimba kawiri motsatizana: pa Android foni imalira munthu akaimbanso pasanathe mphindi 15, pa iPhone pasanathe mphindi 3. Mukamaliza, pemphani wina akuimbireni kuti muone ngati zikugwira. Amene amalumpha kuyesaku ndi amene amadzaphonya uthenga wa kuchipatala usiku, n'kuzimitsa dongosolo lonse ndi mkwiyo.

WhatsApp: apa m'pamene pali ntchito yaikulu

WhatsApp sitikukulangizani kuichotsa. Ndi imene yagwira mabanja, mipingo ndi malonda mumzinda uno. Chimene chimadya nthawi mmenemo ndi magulu ndi masitetasi.

Werengani magulu amene mulimo. Gulu limodzi limatha kukhala ndi anthu 1,024, ndipo ngakhale la anthu 60 okha limatha kutulutsa mauthenga mazana pa tsiku la mpira kapena la nkhani ya ndale. Magulu amene ntchito yake inatha, monga a komiti ya ukwati umene unachitika kale, a chinkhoswe, a zopereka za maliro amene tinaika kale, tulukani. Kuyambira 2022, munthu akatuluka pagulu amene amadziwitsidwa ndi ma adimini okha, ngakhale dzina lanu limaonekabe kwa masiku 60 pa mndandanda wa amene anatuluka. Ngati adimini ndi munthu wamkulu kwa inu, mulembereni kaye pambali: "Bambo, ndikupempha kutuluka pagulu chifukwa foni yanga yadzaza ndipo nthawi ikundichepera. Pakakhala chofunika chonde mundiimbire, nambala ndi yomweyi." Akulu ambiri sakhumudwa ndi kutuluka. Chimene chimawawawa ndi kutuluka mwakachetechete ngati pali mangawa.

Magulu amene simungatuluke, a banja, a mpingo, a makolo a kusukulu, a m'dera, atontholetseni. Dinani gululo mosachotsa chala, sankhani Mute, ndipo pa zosankha zitatu, maola 8, sabata imodzi ndi Always, tengani Always. Ndiyeno liikeni mu Archive kuti lichoke pamaso. Onetsetsani kuti mu Settings, pa Chats, gawo la Keep chats archived ndi loyaka, apo ayi gulu lizitulukanso uthenga ukangolowa. Magulu amenewa muziwaona kawiri pa tsiku, nthawi ya nkhomaliro ndi mukaweruka, mphindi 10 ulendo uliwonse. Gulu la kuntchito limene abwana amaperekerapo malangizo lisiyeni poyera.

Pali zinthu zinanso zitatu zoti musinthe. Pa Privacy, pa Groups, sankhani My contacts kapena My contacts except, kuti munthu wosamudziwa asamakuponyeni pagulu. Aziyamba wakutumizirani pempho. Pa Storage and data, chotsani chizindikiro pa zithunzi, mavidiyo, mawu ndi madokyumenti onse pansi pa Media auto-download. Izi zokha zimapulumutsa data yambiri ndi malo m'foni, ndipo vidiyo imene ikufuna kuti muidine kaye nthawi zambiri simuidina. Chachitatu ndi masitetasi: amene amaika zinthu 20 pa tsiku abiseni, iwo sadziwa. Sitetasi imafufutika pakatha maola 24, ndipo changu chimenecho n'chimene chimakupangitsani kusuzumira pafupipafupi.

Za timizere tiwiri ta buluu tikusiyirani inu. Mukatizimitsa, mtima wofuna kuyankha msanga umatsika, koma inunso simuona ngati ena awerenga anu, simuona amene aonera sitetasi yanu, ndipo m'magulu timagwirabe ntchito. M'mabanja ena kutizimitsa osanena kumabweretsa kukayikirana, choncho kambiranani kaye ndi akunyumba.

Pomaliza tumizani uthenga umodzi kwa anthu oyandikana nanu ndi pagulu la banja: "Kuyambira mawa WhatsApp ndiziiona masana ndi madzulo basi. Pakakhala matenda, zovuta kapena chilichonse chachangu, imbani kapena fulashani, ndiimbanso." Uthengawu ndi umene umachotsa mantha oti mwina china chake chachitika, ndipo mantha amenewo ndi amene amabwezera anthu ambiri ku foni.

Facebook, TikTok, Instagram ndi YouTube

Musanachotse chilichonse, onetsetsani kuti pasiwedi mukuikumbukira ndipo nambala ya foni imene ili pa akaunti ndi imene mukugwiritsa ntchito lero. Anthu ambiri anatsegulitsa Facebook kwa mnzawo kapena kwa okonza mafoni, pa simu imene inatayika kalekale. Oterowo akangotuluka sangalowenso, ndipo zithunzi za ana ndi tsamba la bizinesi zimapita. Konzani izi poyamba, pasiwediyo muilembe m'kope losungidwa kunyumba.

Kenako chotsani mapulogalamu a mzere wachitatu m'foni. Akaunti siifufutika, mwangochotsa khomo lachidule. Ngati pulogalamuyo inabwera ndi foni ndipo ikukana kuchoka, dinani Disable. Facebook muzilowera pa Chrome, n'kutuluka mukamaliza, osalola kuti isunge pasiwedi. Masekondi 30 olembera pasiwedi amakwana kuti mudzifunse chimene mukukafuna. Kuika Facebook Lite m'malo mwake sikuthandiza pa nkhani ya nthawi, kumangochepetsa data.

Mukalowa koyamba, tengani mphindi 20 kusesa. Anthu ndi masamba amene amakusiyani ndi mkwiyo kapena kaduka, dinani Unfollow. Mumakhalabe abwenzi ndipo iwo sauzidwa. Amene mukukayika, Snooze imawabisa masiku 30. Masamba ofunikadi, monga a ESCOM ndi Water Board, musawadikire pa mndandanda wa nkhani: lembani dzina pofufuzira, werengani, tulukani.

TikTok ndi yosiyana. Mulibe uthenga wa maliro kapena wa kuntchito, ndipo kwa ambiri ndi imene imatenga maola ochuluka ndi data yochuluka. Ngati simugulitsirapo kanthu, ichotseni masiku 30 athunthu popanda kunyengerera. Pa YouTube zimitsani Autoplay, imene imayambitsa yokha vidiyo yotsatira, ndipo mukazimitsa ndi kufufuta mbiri ya zimene munaonera, tsamba loyamba limasiya kukusankhirani mavidiyo. Mumatsala ndi pofufuzira, pamene ndi pothandiza kwa wophunzira kusoka, kukonza galimoto kapena masamu a MSCE.

Mapulogalamu amene mwasunga aikireni malire mu Digital Wellbeing kapena Screen Time. Yambani ndi theka la mphindi zimene munalemba m'kope. Ngati zinali 120, ikani 60, sabata yotsatira 45, kenako 30. Kudumphira pa mphindi 10 tsiku loyamba kumangokuphunzitsani kudina batani lowonjezera nthawi. Pa iPhone mungapemphe akunyumba kwanu kuti aike nambala yachinsinsi ya Screen Time imene inu simukuidziwa. Pa Android malirewo mwini foni amatha kuwachotsa yekha, n'chifukwa chake sakwanira paokha.

Kutseka akaunti kuli pawiri. Deactivate imabisa akaunti mpaka mutabwerera, ndipo Messenger imatha kupitiriza. Delete imafufutiratu, ndipo Facebook imakupatsani masiku 30 oti musinthe maganizo. Musafufute mwezi woyamba. Ngati pambuyo pake mwatsimikiza, yambani mwatsitsa zithunzi zanu ndi kupereka udindo wa tsamba la bizinesi kapena la mpingo kwa wina.

Bandulo ndiye chotchinga champhamvu

Kuno ambiri intaneti timagula pang'onopang'ono, ndipo zimenezi zingakuthandizeni kuposa malire onse a m'foni. Airtel ndi TNM onse amagulitsa mabandulo a WhatsApp payokha. Gulani ya WhatsApp ya sabata kapena ya mwezi, ndipo ya intaneti yonse muzigula yaing'ono pokhapokha pali ntchito yodziwika, monga kutumiza kalata yofunsira ntchito kapena kulembetsa sukulu. Popanda data, TikTok siitseguka ngakhale mtima ufune bwanji.

Mabandulo a usiku apeweni. Ndi otchipa, koma amatha m'mawa kusanache, ndiye mumakhala maso kuti ndalama isapite pachabe, tulo n'kuonongeka. Samalaninso mayunitsi: bandulo ikatha data ili yoyaka, pa mizere ina foni imayamba kudya mayunitsi pa mtengo wokwera. Zimitsani data mukamaliza, ndipo mu Settings ikani Data warning ndi Data limit ya mwezi. Ndalama imene yatsala poyerekeza ndi ija munalemba pamwamba pa tsamba, ichotseni m'foni tsiku lomwelo, ipite ku banki m'khonde kapena pa yuniti ya magetsi. Ikakhala pa Mpamba kapena Airtel Money idzagula bandulo ina Lachisanu usiku.

Amene ali ndi Wi-Fi kuofesi ku City Centre kapena ku Kanengo, chotchinga ichi sichiwagwira masana. Iwo aike foni m'chikwama kapena m'dirowa kwa mphindi 50, n'kuiona mphindi 10. Kuitembenuza chafufumimba pa tebulo sikukwanira, dzanja limaifikabe.

Usiku ndi m'mawa

Foni isagone pamutu pa bedi. Itchajeni pabalaza, kapena ngati nyumba ndi ya chipinda chimodzi, pa ngodya imene simungaifike musanadzuke, kutali ndi zenera chifukwa cha akuba. Munthu wamkulu amafunika tulo ta maola 7 kapena kuposa, ndipo wodzuka 5 koloko kuti akapeze minibasi ya ku Area 23 kapena ku Chinsapo isanadzaze ayenera kukhala atagona pofika 10 koloko. Choncho foni itsike 9 koloko. Yatsani Bedtime mode kuti sikirini izisanduka yakuda ndi yoyera nthawi imeneyo. Mavidiyo opanda mitundu sakoka diso kwenikweni.

Zifukwa ziwiri zimene anthu amapereka ndi alamu ndi tochi magetsi akazima. Zonse ziwiri zimathetsedwa ndi kafoni ka mabatani, kamene kali ndi alamu, tochi ndi wailesi, ndipo batire lake limakhala masiku. Mukaikamo simu yachiwiri n'kupereka nambalayo kwa abale, mungathe kuzimitsiratu foni yaikulu usiku wonse.

M'mawa musayatse data musanasambe, kudya ndi kutuluka m'nyumba.

Nthawi yopulumutsidwa ipeze ntchito

Pali nthawi zimene chala chimayabwa: m'minibasi pa mzere wa magalimoto wolowera ku Old Town, pa mzere wa kubanki kapena wa mafuta, podikira ndiwo kuti zipse, ndi magetsi akazima madzulo. Nthawi iliyonse mwa izi ikonzereni chochita pasadakhale, chifukwa mukaisiya yopanda kanthu Facebook ibwerera. M'minibasi mverani wailesi ya FM ya m'foni, imene siidya data. Nkhani za pa MBC, Zodiak kapena Times kamodzi m'mawa ndi kamodzi madzulo zimakwanira kudziwa zimene zikuchitika m'dziko. Pa mzere nyamulani buku laling'ono. National Library Service ku City Centre imabwereketsa mabuku kwa olembetsa. Madzulo ndi a homuweki ya ana, bawo, kwaya, dimba la kuseri kwa nyumba, kapena kuimbira m'bale mmodzi mphindi 10 m'malo moonera masitetasi a anthu 40. Sankhani ziwiri zokha, zokhala ndi tsiku ndi ola lake, ndipo chimodzi chikhale chochita ndi munthu wina amene adzakufunsani mukapanda kubwera.

Ngati foni ndiyo sitolo yanu

Wogulitsa kaunjika, makeke, nsapato kapena nkhuku pa sitetasi sangachoke pa intaneti, koma angalekanitse ntchito ndi kucheza. Ikani WhatsApp Business pa nambala ya malonda. Lembani katundu ndi mitengo mu Catalog kuti musamayankhe funso limodzi kakhumi. Konzani Away message yonena maola anu: "Zikomo potilembera. Timayankha kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 7 koloko madzulo. Mitengo ili mu katalogi." Ikani katundu katatu pa tsiku pa nthawi zodziwika, ndipo mukaika tulukani osayamba kuona za ena. Za pa tsamba la Facebook mungazikonzeretu za sabata yonse pa Meta Business Suite, yomwe ilibe mndandanda wa nkhani za anzanu.

Zimene zimasokonekera

Masiku atatu kapena anayi oyamba mudzapezeka mwatsegula foni osadziwa chifukwa, mukufunafuna chizindikiro chimene munachotsa. Kusowa mtendere kumeneku kumachepa pakapita masiku, musakuyese chizindikiro chakuti dongosolo lalephera.

Vuto lofala kwambiri ndi kusamuka. Mwachotsa TikTok, maola omwewo apita ku Reels, ku masitetasi kapena ku kubetcha. N'chifukwa chake muziyang'ana maola onse a sikirini, osati a pulogalamu imodzi. Lachiwiri ndi tsiku la nkhani yaikulu, monga chisankho, kukwera kwa mafuta kapena mpira wa Flames, pamene mumati mubwezeretse pulogalamu kwa lero lokha. Loweranibe pa Chrome, ndipo ngati mwaibwezeretsa, ichotseni usiku womwewo musanagone. Lachitatu ndi m'nyumba: wina akusiya, wina akuonera mavidiyo mokweza pa bedi lomwelo. Gwirizanani lamulo limodzi laling'ono logwira aliyense, makolo ndi ana omwe, monga lakuti pa nsima palibe foni.

Yembekezerani phindu loona, losakokomeza. M'chaka cha 2018 ofufuza a ku University of Pennsylvania anauza ophunzira ena kuti asapitirire mphindi 10 pa tsiku pa iliyonse ya Facebook, Instagram ndi Snapchat kwa masabata atatu, ndipo kusungulumwa ndi kukhumudwa kunachepa poyerekeza ndi anzawo. Kafukufuku wina wa ku America chaka chomwecho, wotsogozedwa ndi Hunt Allcott ndi Matthew Gentzkow, anapeza kuti otseka Facebook masabata anayi ankapulumutsa pafupifupi ola limodzi pa tsiku ndipo ankamvako bwino pang'ono, koma ankadziwa nkhani zochepa. Ichi n'chifukwa chake taika wailesi m'dongosolo. Ngati kusowa tulo, nkhawa kapena kukhumudwa kukupitirira masabata angapo ngakhale foni mwaichepetsa, pitani kuchipatala mukaonane ndi adokotala.

Pakutha pa sabata yachinayi yezaninso masiku 7 monga poyamba, n'kuyerekeza maola, maulendo otsegula foni ndi ndalama ya bandulo. Pulogalamu iliyonse imene munachotsa ifunseni funso limodzi: ndi chiyani chenicheni chimene ndinaphonya? Ngati mungachitchule, monga oda ya kasitomala kapena chidziwitso cha ntchito, ibwezeretseni ndi malire a mphindi ndiponso zidziwitso zozimitsa. Ngati simungachitchule, isiyeni kunja mwezi wina. Bwerezani kuyezaku pa 1 mwezi uliwonse, komanso tsiku limene mwagula foni yatsopano, chifukwa imabwera zidziwitso zonse zili zoyaka ndipo pulogalamu iliyonse imene muikemo idzapempha chilolezo chotumiza zake.